Simenti Yofiira ya Apongozi

Tsiku limene alamu anga anatulutsa makina anga osokera n'kuwaika pamsewu, kunkagwa mvula. Sindikunena kamvula kowaza ayi, ndikunena chimvula chenicheni. Maluwa a pamanda a mwamuna wanga anali asanafote n'komwe. Ndinaima pamenepo ndi chikwama cha zovala m'manja, madzi akutsikira m'khosi, iwo ali pakhonde ndi loko watsopano, akuti, "Alamu, musatione ngati oipa. Mapepala a nyumbayi ali m'dzina langa." Ndinawayang'ana, ndinayang'ananso akazi awo amene anali atayamba kale kuyeza mawindo anga ndi maso, ndipo ndinalumbira chamumtima kuti nyumba imeneyo sadzadyapo ngakhale kanyenyeswa.

Anthu amawatchula kuti a Matayala, chifukwa amagulitsa matayala akale kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo mimba yawo nayonso inathandizira kuti dzinalo likhazikike. Ndi akulu awo a malemu mwamuna wanga. Akazi awo ndi Adona. Dzina limenelo anadzipatsa okha, ife tinangovomera kuti pasakhale ndewu.

Nyumbayo ndi yakale kuposa msewu umene wadutsa kutsogolo kwake. Makoma ake ndi ochindikala moti mphaka amagona pawindo osagwa. Ili ndi khonde lalitali, mawindo a matabwa, ndi chipinda chachikulu cha kutsogolo chimene pansi pake ndi simenti yofiira. Simenti imeneyo ndinaipolisha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mawondo angawa ndi mboni. Kumbuyo kunali chipinda chathu, chimene mwamuna wanga, amene anali mmisiri womanga nyumba, anachiphatika kukhoma lakale chaka chimene tinakwatirana.

Nditathamangitsidwa sindinapite kutali. Wosoka nsapato wa kutsidya kwa msewu anandipatsa kangodya pakhonde pake, ndinaikapo makina anga amene thabwa lake linali litafufuma ndi mvula ija. Kogona ndinapeza kachipinda ka lendi kumapeto kwa tauni, kodontha pangodya ziwiri. Ndiye tsiku lililonse ndinkapalasa makina nditayang'ana nyumba yanga, ndikuona Adona akuyanika zovala zawo pa waya wanga. Posakhalitsa mbiri inamveka yoti a Matayala apeza ogula, anthu ofuna kumangapo malo omwetsera mafuta a galimoto. Ogulawo sankafuna nyumba, ankafuna malo. Pakutha pa mwezi chigalimoto chogumula chinali kubwera.

Chimene a Matayala sankadziwa n'chakuti nyumbayo ndinkaidziwa kuposa iwo amene anabadwiramo. Apongozi anga aamuna anadwala zaka zinayi, mbali imodzi ya thupi itafa. Ankawasambitsa ndani? Ine. Ankawatembenuza ndani kuti asatuluke zilonda, kuwameta ndevu, kukataya za m'chitini? Ine, mkazi wobwera. Manyazi a chipongozi tinawasiya chaka choyamba. A Matayala ankabwera kamodzi pamwezi, n'kuima pakhomo, n'kufunsa ine kuti, "Mdala ali bwanji?" ngati mdalayo analibe makutu. Komatu munthu ukamamusambitsa amakuuza zimene sauza ana ake.

Tsiku lina ndikuwapukuta msana, anagogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Mwananga," anatero, "ukudziwa chimene umapolisha apa?"

Ndinati sindikudziwa. Anandiuza kuti nthawi ya atsamunda chipinda chimenecho chinali malo osindikizira mapepala, ndipo iwo ankagwiramo ntchito yosanja zilembo za mtovu, chimodzichimodzi, ndi zala. Poyera ankasindikiza makadi a ukwati ndi mapepala a nyimbo za kutchalitchi. Mobisa ankasindikiza timapepala touza anthu kuti dziko ndi lawo, adzilamulire okha, ndipo pamwamba pa kapepala kalikonse pankakhala chithunzi cha nyali. Wina atawatsina khutu kuti apolisi adziwa, anamasula makinawo n'kuwatulutsira kukhomo la kumbuyo, kukawaponya mumtsinje. Koma mabawuti anayi amene ankagwira makinawo anakana kuzuka, ndipo pothamangathamanga dirowa ya zilembo inagwa, zilembo n'kuti balala chipinda chonse. Nthawi yotola inalibe. Anangosakaniza simenti yofiira n'kuthira pamwamba pa zonsezo masana amodzi, itauma n'kuikapo mipando. Apolisi anapeza chipinda chochezera alendo. Mwini wa malo osindikizirawo anamutengabe, ndipo sanabwererenso. Mkazi wake pochoka ndiye anasiyira apongozi nyumbayo.

"Bwanji simunauze anthu ufulu utabwera?" ndinawafunsa.

"Mantha akakulowa uli ndi ana ang'onoang'ono satulukanso," anatero. "Tandipatsa malaya, ndikumva kuzizira."

Nkhani imeneyo ndinaisunga ngati mmene umasungira batani lotsala, osadziwa kuti lidzafunika pa malaya ati. Nditamva za chigalimoto chogumula, ndinavala diresi langa la kutchalitchi n'kupita ku ofesi ya boma yosunga malo akale. Ili pamwamba, masitepe ake amalira, ndipo m'kati mwadzaza mafayilo ndi miphika yosweka yomatidwa timapepala. Ndinapezamo mayi wina woonda, wa magalasi, amene anali ndi kampeni komangirira kumakiyi ake. Kuyambira tsiku limenelo ine ndi wosoka nsapato timangomuti Mayi Kampeni.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Nditatchula nyali, anadzuka, anatsegula kabati yachitsulo, n'kutulutsa timapepala titatu tachikasu tokutidwa m'pulasitiki. Nyali ija inali pamenepo, kang'onong'ono, lawi lake litapendekera kumanja.

"Dziko lonse tatsala nato titatu tokha," anatero. "Anthu ankamangidwa chifukwa chopezeka nako kamodzi m'thumba. Ofesi ino yakhala ikufufuza kumene ankatisindikizira kuyambira ine ndisanalembedwe ntchito." Kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana. "Koma ndikufunseni, mayi. Mukufuna kuteteza mbiri ya dziko, kapena mukufuna kukhaulitsa alamu anu?"

"Zonse ziwiri," ndinayankha, "koma kwambiri chachiwiricho."

Anaseka mpaka kutsokomola. Atamaliza anandiuza zosakoma. Mawu a munthu amene anamwalira, obwera ndi munthu amene ali pa mkangano ndi mwini nyumba, sangaimitse chigalimoto. Pankafunika chinthu choti akuluakulu ake achigwire ndi manja. Ndipo iye analibe mphamvu yoswa pansi pa nyumba ya munthu mwini wake asanalole.

"Pokhapokha zitatulukira zokha," anatero. "Munthu akamakumba kapena kumanga n'kuvundukula zinthu zakale, lamulo limandilola kuimitsa ntchito tsiku lomwelo."

"Nanga chigalimoto chikamagumula?"

"Amenewo amabwera Lamulungu m'mawa, ife tili kutchalitchi. Pofika Lolemba pamakhala patayalidwa miyala."

Anabwerabe kudzaona nyumbayo kunja. Anaima pakhoma la m'mbali, anatulutsa kampeni kaja n'kuyamba kupala utoto pang'onopang'ono, kuwerenga mitundu imene inapakidwapo kuyambira kale. Anakanda pakati pa njerwa, dothi loyera n'kumayoyoka, iye n'kulinunkhiza. A Matayala anatuluka ali pachifuwa pamtunda, anamuthamangitsa ngati nkhuku yolowa m'dimba. Msewu wonse unaona kampeniko, ndipo zimenezo n'zimene zinandipatsa nzeru.

Tsono mverani za Adona. Mayi ameneyu manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi ake. Anandilanda nyumba, koma madiresi ankabweretsabe kwa ine, chifukwa telala wina aliyense akanaulula kuti m'chiuno mwake simuli mmene amanenera. Patatsala masabata awiri kuti mwezi uthe anawoloka msewu ndi diresi lobiriwira, loti akavale tsiku losainirana ndi ogula.

"Mungolikulitsa pang'ono, lachita kufinyika pochapa," anatero.

Ndinalandira. Ndinayamba kumuyeza m'chiuno. Iye osapirira, anayamba kundiputa.

"Mnzanu wa kampeni uja sanabwerenso? Kapena wapita kukapala makoma a kumanda?"

Apa ndiye ndinachita sewero limene sindinachitepo chibadwire. Ndinaponya tepi pansi, ndinanjenjemeretsa milomo, ndinakweza mawu kuti ndioneke ngati mkwiyo wandichotsa nzeru.

"Sekani lero, Adona! Sekani! Lachisanu akubwera ndi chikalata, ndipo sadzapala khoma ayi. Adzapala simenti yofiira ija. Simenti ya mtundu umenewo inasiya kupangidwa kalekale, akangotengako kachidutswa basi, nyumba yonse yalowa m'manja mwa boma. Ngakhale muikepo matailosi adzatukula n'kupala pansi pake. Bola ikanakhala kuti palibe, koma ilipo, ndiye muona!"

Kenako ndinadzigwira pakamwa ngati munthu amene wataya chinsinsi. Wosoka nsapato, amene sindinamuuze kanthu, anapukusa mutu n'kunena kuti, "Aaa, mayi, pakamwa panu pakupweteketsani." Mawu ake ndi amene anamaliza ntchito. Adona anaiwala ndi diresi lomwe, anawoloka msewu osayang'ana galimoto.

Za simenti yosiya kupangidwazo ndinapeka ndekha pomwepo. Koma Safunsa anadya phula. A Matayala akanangopita kwa mmisiri aliyense akanawauza kuti simenti yofiira ndi simenti wamba yothira utoto. Mmisiri wa m'banja mwawo anali mwamuna wanga, ndipo anali atamuika m'manda.

Kutacha, ndisanalowetse n'komwe ulusi mu singano, ndinamva phokoso. Gu! Gu! Gu! Mipando yonse inali pakhonde. Amuna awiri aganyu anali m'kati ndi mapiki, a Matayala ataima pakhomo akuwafulumizitsa. Abale inu, sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Ndinkapalasa makina motsatira kugunda kwa piki, moti siketi ya mwana wasukulu ndinaisoka mbali imodzi kawiri.

Wilibala yoyamba inatuluka cha m'ma naini, anakakhuthulira zigumu mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. Ndinadikira kuti waganyuyo abwerere m'nyumba, ndinawoloka, ndinagwada m'ngalandemo ndi diresi langa loyera n'kuyamba kufukula ndi manja. Poyamba sindinapeze kanthu. Ndinati kodi apongozi aja sanali atayamba kusokonezeka mutu? Ndiye kuti ndaswetsa pansi panga pachabe? Wilibala yachiwiri, chimodzimodzi. Yachitatu, nditatembenuza chigumu china, ndinaona tizitsulo totuwa tating'ono ngati mitu ya machesi titamatirira kunsi kwake. Ndinathothola kamodzi, ndinakapukuta ndi malovu, ndipo kumapeto kwake kunali chilembo. Nthawi yomweyo m'nyumbamo munamveka kuti ngwee! ndipo waganyu anatukwana. Piki inali itamenya chitsulo.

Ndinaimbira Mayi Kampeni foni. Anafika ola lisanathe, ali ndi chikalata, wapolisi mmodzi, ndi sefa wa mchenga. Ine ndinalowa kumbuyo kwawo. Palibe anandiletsa, ndipo akanayesa akanaona. Pakati pa chipinda panali patatuluka mitu ya mabawuti anayi, adzimbiri, ataima ngati miyendo ya tebulo. Mayi Kampeni anagwada, anawayeza, anauza aganyu kuti aike mapiki pansi asapondenso paliponse. Anayamba kusefa fumbi yekha. Zilembo zinkatsalira m'sefamo zambirimbiri. Kenako anatola kachitsulo kokulirapo ngati bokosi la machesi, anakauzira, anakathina pachikhatho chake, n'kundionetsa. Pakhungu pake panatsala chithunzi cha nyali.

Mayi uja analira, ndikukuuzani. Wamkuluwamkulu, wa magalasi, anakhala pa zigumu n'kulira.

"Kodi chikuchitika n'chiyani m'nyumba mwanga muno?" a Matayala anafunsa, mawu atasasa.

"Bambo," anatero Mayi Kampeni akupukuta magalasi, "mwachitira dziko lino chinthu chachikulu. Ife sitikanatha kukumba pano. Kuyambira lero pasachotsedwe kanthu, pasakhomedwe kanthu."

A Matayala anatembenukira kwa akazi awo. Adona anatembenukira kwa ine. Ine ndinati, "Diresi lija latha, Adona, mudzatenge. Ndakulitsa mokwanira."

Ogula aja anathawa sabata lomwelo. Patapita miyezi inayi dzina la nyumbayo linalowa m'kaundula wa malo otetezedwa a dziko, ndipo anadzakhoma chikwangwani chamkuwa pafupi ndi khomo. Boma silinawalande nyumba a Matayala ayi, ndipo apo ndi pamene panakoma. Ndi yawo ndithu, mapepala ali m'dzina lawo monga ankanenera. Koma sangaigumule, sangasinthe windo, sangapake utoto wa kumtima kwawo, sangakhome msomali osalemba kalata. Denga likadontha ayenera kufuna malata a mtundu wakale womwewo. Adona anafuna kuika mawindo agalasi otsetsereka, anawabweza nawo pageti. Chipinda cha kutsogolo anachitchinga ndi chingwe, mabawuti aja anawavindikira ndi galasi, ndipo masiku atatu pasabata khomo limakhala lotsegula kwa aliyense. Ndiye Adona akamadutsa ndi ndowa ya madzi, alendo amawafunsa ngati ndi wantchito wa pamalopo. Tsiku loyamba kumva zimenezo ndinaseka mpaka wosoka nsapato anandipatsa madzi.

Sindinama kuti zonse zinali zoseketsa. Tsiku lina kunabwera bambo wina wokalamba kwambiri, atavala jekete yomukulira, mwana wake wamkazi atamugwira mkono. Anaima pachingwe paja nthawi yaitali. Potuluka anadzakhala pabenchi pathu kuti apume, ndipo anatiuza kuti bambo ake anawagwira ndi kapepala ka nyali m'nsapato, iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mpaka lero sadziwa kumene anaikidwa. "Ndilibe manda okaona," anatero. "Ndiye ndizibwera kuno." Tsiku limenelo sindinanyoze munthu mpaka madzulo.

Koma khoswe sasowa pobowola. A Matayala anazindikira kuti lamulo likugwira nyumba yakale yokha. Chipinda cha kumbuyo, chathu chija, chinali chatsopano, ndiye chinali kunja kwa mzere. M'mawa wina ndinaona akugubuduza matayala kulowetsa m'chipinda chimene ndinagonamo ndi mwamuna wanga zaka zonse zija. Anaitanitsa mmisiri kuti ayeze poboola khomo loyang'ana kanjira ka m'mbali, atsegulepo shopu. Ndi alendo onse amene ankaimika galimoto pamenepo, malonda akanayenda kuposa kudepoti. Ndiye kuti ine ndi manja anga ndinali nditawakokera makasitomala pakhomo. Chakudya chinandikanika masiku awiri.

Sabata lomwelo Mayi Kampeni anabwera pakhonde pathu ndi fayilo. Anakhala pabenchi, anaika chikwama pamiyendo.

"Mayi, munandiuza kuti makina anatulukira khomo la kumbuyo. Khomo limenelo sitikuliona. Ndagogoda khoma lonse, ndikuganiza kuti lili pamene amuna anu anaphatika chipinda. Analitseka ndi njerwa n'kupaka pulasitala."

Ndinati inde, ndi pomwepo, kumutu kwa bedi.

"Akuluakulu akuti ngati khomolo ndi limene munkadutsa timapepala ndi makina, liyenera kuoneka kuchokera kunja monga linalili. Ndiye kuti chipindacho chichotsedwe. Koma chithunzi chakale tilibe. Umboni ndi inu nokha. Mukasaina kuti apongozi anu anatero, chigwa. Mukapanda kusaina, chikhala, ndipo mwini nyumba achita nacho zimene akufuna." Anatseka fayilo. "Sindikukukakamizani. Ndikudziwa amene anachimanga."

Mbiri siigona panjira. Tsiku lotsatira masana, a Matayala anawoloka msewu koyamba chindithamangitsireni. Anali ataonda, lamba atabowola pena. Anavula chipewa, anapempha mpando, anapereka moni kwa wosoka nsapato ngati munthu.

"Alamu," anatero, "zinachitika zinachitika. Ndinalakwa, ndipo Mulungu wandilanga kudzera mwa inu. Koma chipinda chija anamanga ndi mng'ono wanga, magazi anga. Njerwa iliyonse inadutsa m'manja mwake. Mungalole anthu achilendo achigwetse?"

 Ndinkachotsa ulusi pa zipi ya thalauza la munthu.

"Bwererani mudzakhalemo. Ndikunena pamaso pa mboni iyi. Tidula pakati ndi thabwa, inu mbali ya windo, ine kambali ka kunjira ndiikemo matayala. Tilemberana kwa loya ngati mukufuna. Kumene mukukhala kuja ndamva kuti kumadontha."

Ha! Munthu ameneyu anadziwa pogwira. Windo limenelo mwamuna wanga analiika motsika dala kuti ndiziona bwino posoka. Pakhoma pali shelefu ya simenti imene anaiumba molingana ndi msinkhu wanga, chifukwa ndine wamfupi ndipo ankandiseka nazo. Ndinaona m'maganizo bedi langa litabwerera pamalo pake. Ndinaonanso ndikudzuka m'mawa uliwonse ndikumva fungo la matayala, ndikumva mawu awo kuseri kwa thabwa akuseka ndi makasitomala, akudya, ine n'kumati zikomo alamu pondisunga.

Atachoka, wosoka nsapato anaika nsapato pansi.

"Mayi, ndine mnzanu, ndiye ndinena. Mwapambana kale. Munthuyu wagwada. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tengani chipinda chanu, mukalambe pouma."

"Tsiku lija la mvula munalipo?" ndinamufunsa.

"Ndinalipo. Ndine ndinakuthandizani kunyamula makina."

"Ndiye mukudziwa kuti sanandipatse ngakhale pepala lofunditsa."

Ndinavindikira makina, ndinakwera masitepe olira aja, ndinasaina. Mayi Kampeni anandifunsa kawiri ngati ndaganiza bwino. Ndinamuuza kuti zimene ndasainazo ndi zoona, apongozi anaterodi, ndipo ngati akufuna munthu woganiza bwino akafune kwina.

Anabwera Lolemba m'mawa, amisiri anayi a boma. Chigalimoto sanabwere nacho, poopa kugwedeza khoma lakale, ndiye ntchito yonse inali ya manja. Anayamba n'kutulutsa matayala, kuwaunjika panja. A Matayala anakhala pa limodzi, manja ali kumutu. Adona sanatuluke. Amisiri atachotsa malata ndi windo lija, ndinapita kwa wamkulu wawo n'kumuuza kuti andibwereke hamala, ndiyambe ndine. Anayang'ana Mayi Kampeni, iye anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinaikweza ndi manja awiri, ndinayang'ana alamu anga m'maso, ndinamenya ndi mphamvu zanga zonse. Hamala inadumpha, mikono inachita dzanzi mpaka m'mapewa. Pakhoma panangotsala kachizindikiro koyera. Ndinamenyanso. Ndinamenya kachitatu, kachinayi, mpaka mpango unagwa kumutu. Ngakhale njerwa imodzi sinasunthe.

Wamkulu wa amisiri anandilanda hamala mwaulemu, anayesa yekha, kenako anapapasa pakati pa njerwa ndi chala n'kuimba mluzu.

"Koma abale! Anamanga izi ndani? Ameneyu sankaba simenti. Masiku ano simungamupeze mmisiri wotere."

"Mwamuna wanga," ndinatero.

Wamkuluyo anavula chipewa. Ine ndinatola mpango wanga n'kubwerera kutsidya.

Ntchito imene ankati ya tsiku limodzi inawatengera masiku atatu. Masiku atatu ndinakhala pamakina ndikumva tchizulo chikulimbana ndi manja a mwamuna wanga, njerwa imodziimodzi, ndipo kugunda kulikonse kunkandipweteka m'chifuwa. Sindinasoke kanthu. Wosoka nsapato sanandiuze kuti ndinakuuzani, ndipo chifukwa cha chimenecho ndidzamulemekeza mpaka kufa. Tsiku lachitatu masana pulasitala womaliza anagwa, khomo lakale n'kuonekera, lalifupi, la thabwa lakuda, pamphuthu pake pali mikwingwirima iwiri yakuya pamene makina anakhula potuluka. Anthu anaomba m'manja. A Matayala anagubuduza matayala awo kubwerera kudepoti, limodzilimodzi, msewu wonse ukuonerera. Ndinaimirira kuti andione bwino, ndipo ndinasangalala. Musandifunse ngati ndinasangalala, ndinasangalala ndithu. Kenako ndinapita kuseri kwa shopu ya nsapato n'kukasanza.

Pano ofesi ija inandipempha kuti masiku atatu aja a pasabata amene khomo limakhala lotsegula ndizifotokozera alendo mbiri ya nyumbayo, poti palibe wina amene anaimva kuchokera pakamwa pa mwini wake. Ndimavala baji. Ndimalowa pakhomo la kutsogolo osagogoda, Adona n'kumandipatsa njira. Ndimaonetsa anthu mabawuti, zilembo, ndi kanyali kaja, kenako ndimawazungulitsa kumbuyo kukaona khomo. Madzulo ndimabwerera kukachipinda kanga ka lendi, kusuntha beseni kulondola podontha.

Pamene panali chipinda chathu panatsala simenti ya pansi yokha, poti imeneyo inawakanika kuswa ndipo anaisiya. Alendo akafuna kujambula khomo lija amabwerera m'mbuyo mapazi atatu, n'kuima ndi nsapato zawo pamene panali bedi lathu. Ndimawauza kuti asunthire pang'ono kumanzere, kuwala kuli bwino kumeneko. Si zoona, kuwala n'chimodzimodzi, koma amasuntha.